Nambewe, Bwana Chinkhope ndi Madiramu Awiri a Dizilo

Ana anga, ndi inu adzukulu amene mumafunsa chifukwa chake anthu a pa Kamwendo amanditchula kuti a Kanema pomwe dzina langa ndi Chimbalanga, werengani apa. Amayi anu akuti ndikamakamba pakamwa nkhani imakula chaka ndi chaka, ndiye ndati ndiilembe kuti ileke kukula. Za ubwana wanga ku Ntcheu ndazisiya, ndinkaweta mbuzi ngati wina aliyense. Ndiyambira pa ntchito.

1986 mpaka 1993

Ntchito yanga inali yoonetsa kanema m'midzi. Ofesi yathu inali ndi galimoto ya chimkuzamawu padenga, pulojekita, ndi chinsalu choyera chomwe tinkamanga pa mitengo iwiri. Tinkaphunzitsa anthu za zimbudzi, za katemera ndi za kathiridwe ka feteleza. Ndinayambira ku Lilongwe ngati wonyamula mawaya, ndipo patapita zaka zitatu ananditumiza ku Mchinji kuti ndikhale woonetsa ndiponso dalaivala. Ndinafika pa boma ndi amayi anu, matilesi amodzi ndi njinga yopanda mabuleki.

Masiku amenewo anthu ankadzaza bwalo, ine n'kumadziona ngati katswiri. Koma panali chinthu china chimene sindinakuuzenipo. Tisanaonetse za umoyo tinkayamba ndi kanema wa misonkhano ya akuluakulu a dziko, ndipo anyamata a chipani ankandipatsa kope ndi pensulo kuti ndilembe aliyense wochoka kanemayo ali mkati. Nthawi zambiri ndinkati sindinaone munthu. Tsiku lina ku Dambe anandiima pambali, ndipo bambo wina atanyamuka mothamanga, anandiuza dzina lake, ine n'kulemba. Anali a Tembo, mlimi wa fodya. Ndinamva pambuyo pake kuti anawasunga masiku awiri, chikhalirecho munthu anangotsegula m'mimba. Dzina lokhalo ndilo ndinalemba pa zaka zonsezo, koma silinandichoke m'mutu.

1995

Zipani zitachuluka panalibenso wokusa anthu kuti abwere ku kanema, ndipo mpamene ndinadziwa kuti chigulu chija sichinkabwerera ine. Babu la pulojekita linapsa, ku likulu anati tidikire. Kenaka anatitumizira wailesi ya kanema yaikulu ndi deki yoonetsera matepi, zonse zoyendera mabatire a galimoto. Tinayamba kuonetsa masana, m'matchalitchi kapena m'zigafa za fodya titazitchinga ndi mphasa ndi masaka kuti mukhale mdima.

Chaka chomwecho tinalandira bwana watsopano, Mayi Gondwe, namwino wakale wochokera ku Rumphi. Anali aafupi, oseka mokweza, osaopa munthu. Tsiku lina la msika pa Kamwendo tinaonetsa tepi ya kusamba m'manja kwa agogo anayi, awiri akuwodzera, ndi nkhuku imodzi imene inalowa yokha.

"A Chimbalanga," anatero Mayi Gondwe, "kodi boma likutilipira kuti tiphunzitse nkhuku kusamba m'manja?"

Sabata yotsatira tinapita ku boda kukaonetsa madalaivala a mathiraki tepi ya Edzi. Iwo anapirira mpaka kumapeto chifukwa mapepala awo anali asanatuluke. Titatha, dalaivala wina wa ku Chipata anakwera m'thiraki mwake n'kubwera ndi tepi yopanda chikuto, yolembedwa ndi bolopeni zosawerengeka.

"Mudala," anatero m'Chinyanja chakwawo, "mafilimu yanu yabweletsa tulo. Tengani aka. Muzaona mwamene bantu bazabwelela."

Tinaionera mu ofesi Lachisanu masana, ine ndi Mayi Gondwe, tiyi ali pa tebulo. Tiyiyo anazizira osamwedwa. Kanemayo anali wa zaka za m'tsogolo, dziko litapsa ndi utsi. Anthu otsala ankakhala mu mzinda wozingidwa ndi khoma lalitali, ndipo ankauzidwa kuti kunja kulibe chomera chilichonse. Aliyense anali ndi nambala yowala padzanja. Wolamulira sankaoneka thupi, koma nkhope yake yokha, yaikulu ngati nyumba, pa makoma onse. Tsiku logawa chakudya anthu ankaima pamzere n'kuombera m'manja nkhope ija, ndipo makina ankatsegula kachitseko n'kugwetsa kapaketi ka phala lotuwa. Woomba mwaulesi nambala yake inkafiira, basi tsiku limenelo sadya. M'mwamba munkauluka timakina tokhala ndi diso limodzi, tosuzumira m'mazenera. Ndiye panali mayi wina wogwira ntchito mosungira chakudya, amene anapeza njere zenizeni zitabisidwa m'chipinda chozizira. Anaba zodzaza dzanja, n'kuyamba kuthawa kulowera kukhoma, timakina tija tili pambuyo.

Mayi uja atangofika pachipata, wapanikizika, alonda atamuzinga, chithunzi chinaphethira. Mwadzidzidzi tinaona ukwati wa ku Chipata, anthu akuvina pamzere, mkwatibwi ali ndi velo. Wina anajambulira ukwati pamwamba pa mathero a kanema. Mayi Gondwe anaseka mpaka kugwira tebulo.

"Imeneyi ndiye nyambo yathu," anatero atapukuta misozi. "Koma lamulo ndi ili: chimbudzi choyamba, kanema pambuyo. Wobwera mochedwa asalowe. Nanga Chingerezi chothamanga chonchi anthu amva bwanji?"

"Ndizimasulira pa chimkuzamawu."

"Inu mwamva zonse?"

"Theka," ndinayankha. "Theka linalo Mulungu adzapereka."

1996 mpaka 1998

Mayina a Chingerezi ankandipiringiza lilime, choncho ndinawapatsa anga. Mayi wa njere uja ndinamutcha Nambewe, wolamulira uja Bwana Chinkhope, ndipo timakina touluka tija atombolombo. Mayinawo anagwira. Pasanathe miyezi iwiri, tikafika pamalo tinkapeza anthu atatchinga kale chigafa okha. Ankamvetsera za kolera mwachidwi ngati ana a sukulu, ena mpaka kuyankha mafunso mofulumira kuti tithane nazo. Katemera anayenda bwino zaka zimenezo, pakuti Mayi Gondwe ankaika tebulo lawo pakhomo penipeni, khadi la mwana likhale ngati tikiti. Ukwati wa kumapeto uja palibe anaudandaula. Anthu anagwirizana okha kuti Nambewe anatuluka, anadzala, anakolola, n'kupeza banja. Azimayi ankaimba nthungululu mkwatibwi akaoneka, ngakhale kuti Nambewe anali mzungu wowonda ndipo mkwatibwiyo anali mayi wonenepa wa ku Zambia.

Ndinkadzifunsa kuti anthu akukondanji kanema wa mdima chonchi, wopanda nyimbo, wa anthu anjala okhaokha. Kuthamangitsana kunkawasangalatsa, inde, ndipo Nambewe akabisala m'paipi atombolombo akudutsa, m'chigafa monse munkangoti zii, munthu kuiwala kumeza malovu. Koma makanema a nkhonya analipo ambiri pa boda, ndipo anthu sankawabwereza kasanu. Ndinafunsa Mayi Nabanda, ogulitsa tomato pa Kamwendo, amene sankaphonya.

"Ine ndimakonda potuluka," anatero. "Ukachotsa saka pakhomo paja n'kuona dzuwa, chimanga chili biriwiri, mbuzi zikulira, umamva ngati wachira malungo. Tsiku limenelo ngakhale bambo akunyumba ndimawaona okongola."

Yankho lina ndinalipeza ku Dambe, ulendo woyamba kuonetsako Nambewe. Chigafa chinadzaza, ndipo kutsogolo kunakhala a Tembo aja, tsitsi litayamba imvi. Ndinawazindikira msanga. Tinafika pamene Bwana Chinkhope amalankhula kwa anthu ake, ine n'kumasulira kuti, "Ana anga, popanda ine mukanafa. Kunja kulibe kanthu. Ine ndiye mvula yanu."

A Tembo anadzuka n'kuloza wailesi ija ndi chala.

"Wabodza iwe!"

Ndinaona mitu ikutembenukira kukhomo, anthu akudikira kuti alowa ndani. Ngakhale ine ndinayang'ana. Sipanalowe munthu. Saka lija linkangogwedezeka ndi mphepo. Kenaka mayi wina kumbuyo anayamba kuseka, wina n'kulandira, mpaka chigafa chonse chinagwa ndi phwete. Kuyambira pamenepo Chinkhope sankamaliza chiganizo. Amuna, akazi, madikoni a mpingo, onse ankamukalipira zimene anasunga m'mimba zaka makumi atatu.

Titatha, ndikupinda mawaya, a Tembo anabwera n'kuima pafupi.

"A Kanema," anatero, "azunguwa akuti zimenezi zidzachitika m'tsogolo?"

"Akutero, bambo."

"Achedwa. Ife tinadutsamo kale. Nambala ya padzanja ija ndi khadi la chipani lija tinkaonetsa polowa mumsika. Atombolombo nawo tinali nawo, kungoti athu analibe mapiko." Anandiyang'ana m'maso. "Wina anali ndi pensulo."

Mawaya anandigwa m'manja. Ndinavula chipewa n'kunena kuti, "Bambo Tembo, ndinali ine. Ndinalakwa. Mundikhululukire."

"Ndinadziwa tsiku lomwelo," anatero akuseka. "Ndinakuonani mukulemba. Pajatu wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko, ine ndikanatani? Zinatha zimenezo. Koma chindapusa chilipo. Mubwereze paja Nambewe amamenya tombolombo ndi fosholo."

Ndinabwereza katatu. Kuyambira tsiku limenelo ndikapita ku Dambe ndinkafikira kwa a Tembo, ndipo mtedza umene munkadya muli ana unkachokera m'munda mwawo.

1999

Chaka cha chisankho chinayamba ndi mvula yambiri komanso kusowa kwa dizilo. Galimoto yathu inaima pansi pa mtengo wa mango kuyambira Khirisimasi, nkhuku zikuikira mazira pansi pake. Uthenga unabwera woti ku Dambe anthu ayamba kutsegula m'mimba, zitsime zasefukira. Mayi Gondwe analemba makalata ku likulu mpaka bolopeni inatha. Yankho linali limodzi, loti tidikire.

Ndiye kunabwera bwana wina amene ankafuna uphungu. Dzina lake sindilemba, pakuti ana ake ndimapemphera nawo tchalitchi chimodzi. Anafika pa ofesi ndi galimoto yapamwamba, pambuyo pake pakubwera pikapu itanyamula madiramu awiri a dizilo. Anandigwira dzanja ndi manja awiri ngati tinakulira limodzi.

"A Kanema, mbiri yanu yafika patali," anatero. "Ndamva kuti mwaima. Dizilo uyo, yendani mpaka kukolola. Ine sindifuna zambiri. Chinkhope uja akaoneka, muzingoti ndi wa chipani chinacho. Ndipo mayi uja akamathawa ndi mbewu, muzinena kuti akuthawira kwa ine. Mawu awiri okha. Anthu amakumverani."

Ndinati ndiganize kaye. Atachoka, madiramu atawasiya pakhonde, ndinafunsa Mayi Gondwe kuti titani.

"Ndikanakhala ndi mankhwala ena ochiritsira galimoto iyo ndikanawathamangitsa," anatero, tsiku limenelo osaseka. "Koma ku Dambe kuli ana akudwala. Pakamwa ndi panu, a Chimbalanga. Sindikulamulani kuti munene, sindikulamulani kuti mukane. Chimene musankhe, ine ndisayina."

Kunena zoona ndinatsala pang'ono kuvomera. Ndinkadziuza kuti ndi mawu awiri okha, kanemanso ndi wopeka, ndipo theka la zimene ndinkamasulira ndinkapeka ndekha. Komanso bwana uja anali ndi abwenzi ku likulu, ine ndili ndi ana asanu pa sukulu. Ndinafotokozera amayi anu akusankha nyemba pakhonde. Sanadzutse mutu.

"Bambo a Mphatso," anatero, "paja munati pensulo ija inali yopepuka, koma mwaisenza zaka khumi. Ndiye mukufuna kusenza madiramu?"

M'mawa mwake ndinapita kunyumba kwa bwana uja pa njinga. Ndinawapeza akumwa tiyi ndi anthu awo. Ndinathokoza chifukwa cha mtima wawo wofuna kuthandiza, ndipo ndinati ngati dizilo uja ndi wa ana a ku Dambe timulandira ndi manja awiri, koma mawu aja sindinena.

"Chifukwa?"

"Bwana, anthu aja amakalipira Chinkhope chifukwa palibe amene anawauza kuti ndi ndani. Aliyense ali ndi wake. Ndikawasankhira, ndabwerera ku ntchito imene ndinasiya."

Anaika kapu pansi pang'onopang'ono. "Mukudziwa kuti dziko lino ndi lalitali? Kuli malo ena kumene kalata imafika patatha mwezi."

"Ndikudziwa, bwana."

Masana omwewo pikapu inabwera kudzatenga madiramu ake. Ndinaima pakhonde ndikuwaona akupita. Mayi Gondwe anandigwira paphewa n'kunena kuti, "Chabwino. Tsopano ganizani ndi mutu womwewo kuti tikafika bwanji."

Ndinatumiza uthenga kwa a Tembo kudzera mwa wogula nkhumba wina. Patapita masiku awiri, m'mawa, tinamva mabelu a ng'ombe kunja kwa ofesi. Anali a Tembo ndi ngolo yawo, atayala udzu ndi matumba. Tinamasula mabatire a galimoto yomwe ija, tinakulunga wailesi ndi deki m'mabulangeti a amayi anu, pamwamba pepala la pulasitiki. Mayi Gondwe anakhala pa katoni ya mankhwala othira m'zitsime, ambulera ili m'manja, ngati mkwatibwi. Tinayenda tsiku lonse. Pa dambo lina ngolo inatitimira mpaka pa chitsulo cha matayala, ndipo anthu amene ankapalira pafupi anabwera ndi makasu.

"Mwanyamula chiyani cholemera chonchi?" anafunsa wina.

"Nambewe," anayankha a Tembo.

Basi anaitana anzawo, ngolo inatuluka ngati nthenga. Tinakhala ku Dambe masiku asanu ndi limodzi, tikuzungulira midzi pa ngolo. M'mawa Mayi Gondwe ankathira mankhwala m'zitsime ndi kuphunzitsa kapangidwe ka madzi a mchere ndi shuga, masana Chinkhope ankatukwanidwa. Mabatire akafooka, mwini chigayo ankatitchajira pa injini yake. Odwala analipo, koma m'midzi imene tinafika simunalire maliro a kolera chaka chimenecho, ndipo ndimathokoza Mulungu pa chimenecho.

Bwana uja sanagonje. Anatuma anthu ake ku Chipata kukasaka tepi yonga yathu, ndipo anaipeza. Chimanga chitauma anakonza chionetsero chake pa Kamwendo, tsiku la msika, m'nyumba yaikulu yosungiramo mbewu. Ine ndinali pomwepo kugula tayala la njinga, ndiye ndinalowa n'kuima kumbuyo, chipewa chili m'maso. Asanayambe, anthu ake anaika makatoni a shuga kutsogolo. Analengeza kuti aliyense aime pamzere, aombe m'manja, atchule dzina la bwana katatu, kenaka alandire paketi. Anthu anaomba, analandira, anakhala pansi. Bwana anakhala pa mpando wa khushoni pambali pa wailesi, akumwetulira.

Womasulira wawo anali bambo wa mawu amphamvu, ndipo anayamba bwino. Chinkhope ataoneka anati, "Mwamuona uyo? Ameneyo ndi wa chipani chija!" Ena anang'ung'udza, koma kanema anapitirira. Kenaka panafika paja pogawa chakudya. Pa wailesi anthu ali pamzere, akuomba m'manja, kachitseko kakutseguka, kapaketi kakugwa. Womasulira anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Ndinaona Mayi Nabanda akukweza paketi yawo ya shuga, kuiyang'ana, kuyang'ana wailesi, kuyang'ana bwana. Anaiika pamiyendo n'kuyamba kuomba m'manja.

"Ombani mwamphamvu, anzanga," anafuula, "nambala ingafiire!"

Sindinamvepo chiseko chonga chimenecho. Anthu ankagwera pa anzawo, ena akuomba m'manja, ena akuyang'ana padzanja pawo ngati pali nambala. Anyamata a kabaza amene anali panja anathamangira mkati kufunsa chimene chachitika. Bwana uja anayesa kuseka nawo, koma sizinakhale, ndipo anatulukira khomo la kumbuyo. Womasulira anasiya maikolofoni pa tebulo n'kumutsatira. Anthu anakana kuti wailesi izimitsidwe. Wina anandiona n'kufuula kuti, "A Kanema ali kumbuyoko!" Ine ndinakana, ndinati ndabwerera tayala. Ndiye anamasulira okha, nyumba yonse pamodzi, mawu anga omwe aja, ngakhale abodza amene ndinapeka. Ndinachoka asanafike kumapeto, tayala lili pakhosi, ndikuseka ndekha mumsewu ngati wamisala.

2000 mpaka 2006

Bwana uja sanakhulupirire kuti sindinakonze ine zimenezo. Chaka chisanathe kalata inabwera kuchokera ku likulu, ya chidindo chofiira, yondisamutsira ku kachipatala kena kakutali kumapiri a kumpoto, kuti ndikakhale wosunga katundu. Amayi anu analira. Mphatso anali pafupi kulemba mayeso a folomu folo, ndipo tinali titangoumba njerwa za nyumba ino. Tinayamba kumanga katundu m'makatoni, mbale tinakulunga m'nyuzipepala.

Lolemba ndinapita kukatsanzika kwa Mayi Gondwe. Anavala magalasi, anawerenga kalata ija kawiri, n'kuika chala pa ndime yomaliza.

"Apa akuti chiyani, a Chimbalanga?"

"Akuti ofesi ipereka lole yonyamula ine, banja ndi katundu."

"Lole yathu ili ndi dizilo?"

"Ilibe, mayi."

"Ndiye mupita bwanji? Munthu wa boma sasamuka pa ngolo." Anatenga pepala n'kulemba ku likulu kuti wantchito ndi wokonzeka, katundu wamanga, akudikira lole. "Pakali pano," anatero akumata envelopu, "Lachinayi tili ndi katemera ku Dambe."

Ku likulu anayankha kuti tidikire. Miyezi itatu iliyonse Mayi Gondwe ankalemba kalata yokumbutsa, mwaulemu wonse, ndipo yankho linkabwera lomwelo. Amayi anu anayamba kumasula makatoni imodziimodzi, poyamba ya mapoto, kenaka ya zovala za kutchalitchi. Mphatso analemba mayeso n'kukhoza. Nyumba tinafolera. Mayi Gondwe atapuma pa ntchito anasiyira wolowa m'malo mwawo fayilo yonse, ndipo iyenso, munthu wosunga mwambo, anapitiriza kukumbutsa. Ndinagwira ntchito pa Mchinji zaka zina zisanu ndi chimodzi ndili munthu wosamutsidwa, mpaka tsiku limene anandipatsa wotchi ya pakhoma ndi kalata ya penshoni.

Choncho mukadzaona lole ya boma ikukhota pa msewu wathu uno, dalaivala akufunsa nyumba ya a Chimbalanga, mudzamulandire bwino, mumupatse mpando ndi madzi akumwa. Mudzamuuze kuti wachedwa pang'ono.